Fani ikuzungulira inde, koma ikukoka mphepo? Yankho kwa achimwene a Cressida

Imelo yanu achimwene ndinaiwerenga Lachiwiri madzulo ndikuweruka, ndili m'takisi yopita ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo nditafika pa mzere wachitatu ndinangobweza foni m'thumba chifukwa mtima unayamba kundiwawa. Mwati abwana anu okalamba aja posamukira kwa ana awo anakusiyirani Toyota Cressida ya 1988, pa haiwe imathamanga bwinobwino geji ya kutentha kwa injini ili pakati, koma mukangoima pa jamu ya M1 ya kuno ku Joni singano imakwera mpaka kufuna kukhudza pofiira. Makaniko wayang'ana, akuti fani ilibe vuto poti ikuzungulira, ndiye akufuna achotse themositati, kachitseko kaja kolamulira madzi opita ku rediyeta, ndipo mukufunsa ngati mumulole.

Musamulole. Ndanena poyambirira penipeni kuti ngakhale data ikuthereni pakati mukhale mutamva chimenecho. Koma ndipirireni ndifotokoze, chifukwa mawu amenewo oti "fani ikuzungulira" ndinauzidwaponso ine mu 2011, ndendende momwe mwalemberamo, ndipo mpaka lero ndikawamva ndimachita tsemwe.

Bambo anga malemu anali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ankayendetsa Peugeot 504 yoyera ya manijala. Achinyamata a lero sangamvetse kuti 504 inali chiyani kumudzi nthawi imeneyo. Galimotoyi inatuluka ku France mu 1968, chaka chotsatira inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Europe, koma kwawo kwenikweni kunadzakhala kuno ku Africa, moti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka zaka za m'ma 2000 eni ake ataisiya kalekale. Pa msewu wafumbi wa mabampu inkangoyandama ngati bwato. Bambo ankaisamala kuposa nyumba yathu, m'mawa uliwonse boneti mmwamba, madzi, oyilo, kenako chala chachikulu kudina lamba wa fani, tsiku lililonse osalumpha ngakhale pa Khirisimasi. Nthawi ya holide akatumidwa ku Chikwawa ankanditenga, ndipo pobwerera, pa chitunda chija chochokera pa Thabwa kukwera ku Blantyre, dzuwa la ku chigwa lili psuu, galimoto ili mu giya yachiwiri, ankazimitsa wailesi nkunena kuti tamvera mwanawe. Timayenda pang'ono osayankhula, kenako phokoso la injini limasintha, kumamveka kulira kwina kwa mphepo kutsogoloko, wuuu, ndipo iwo amagwedeza mutu nkunena mawu amodzi okha, "yagwira". Basi wailesi nkuyatsanso. Ine ndinali mwana, sindinafunsepo kuti chagwira nchiyani.

Ndinabwera ku Joni mu 2004, ndinayamba ndi ntchito ya m'gadeni ngati ambiri a ife, kenako ulonda, kenako Mulungu atandikomera mtima ndinapeza laisensi nkuyamba kuyendetsa bakkie ya kampani ina yoperekera katundu. Tsiku lina mu 2011 ndikudutsa Jules Street cha ku Malvern kumene kuli magalaja ndi mashopu a masipeya mbali zonse kuja, ndinaona 504 ya 1979 itaima panja, yoyera, utoto utazilala pa denga koma thupi lonse lolimba. Ndinaimika bakkie patsogolo, ndinabwerera wapansi, nditasuzumira mkati nkumva fungo la mipando ija ndinangoona bambo anga atakhala pa chiwongolero. Ndalama zomwe ndinkasunga kuti ndikagule malata ndinakazitapa zonse. Mayi a kunyumba sanandiyankhule masiku atatu ndipo sindinawaimbe mlandu. Cholinga changa chinali chimodzi, kuti December ndiyendetse ndekha makilomita oposa 1,700 kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, ndikaimike pabwalo ku Thyolo ndiwapatse bambo makiyi ayendetseko ngakhale kukafika pa sitolo pokha. Anali atadwala kale shuga, maso atayamba kuchita nkhungu, ndinkadziwa kuti nthawi si yambiri.

Vuto linayamba sabata yachiwiri. Pa maloboti a Louis Botha, makamaka nthawi yoweruka matakisi atapanikizana, singano imakwera pang'onopang'ono, ndikangotuluka pa msewu wotakasuka imatsika yokha. Chimodzimodzi zanuzo achimwene, palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Ndinapita nayo kwa makaniko wina, sinditchula dzina kapena malo, anatsegula boneti injini ikulira, analoza ndi sipana nkunena kuti mukuona nokha mdala, fani ikuzungulira, vuto ndi themositati, zimenezi anapangira maiko a chisanu kuno ku Africa sizifunika. Anaichotsa nkuiponya m'chigubu cha zinyalala ine ndikuona. Patatha masabata awiri ndinabwereranso, vuto lili pomwepo, ulendo uno akuti rediyeta yatsekeka, ndinalipira kuti aikonze mkati monse. Tinakaiyesa pa N12 Lamlungu m'mawa msewu uli mbee, geji ili pansi penipeni, iye akumwetulira, ine ndikumuthokoza. Sindinadziwe kuti pa haiwe mphepo imalowa yokha pa gilili chifukwa cha liwiro, ngakhale fani mutaichotseratu nkuisiya kunyumba galimoto singatenthe pa liwiro la 100. Tinayesa pamalo pomwe matenda ake saonekera.

Tinanyamuka pa 20 December cha m'ma 2 koloko usiku, ine, mayi a kunyumba ndi mwana wathu woyamba ali ndi zaka zinayi, buti itadzaza mafuta ophikira, sopo, mabulangete, pamwamba titamanga njinga ya mphwanga. N1 yonse inayenda ngati yatsopano, Polokwane tinadutsa kukucha, phiri la Louis Trichardt ndi matanelo ake inakwera osadandaula. Titatsikira ku Musina kuja kwa malambe, kutentha kunali kwina, mphepo yolowa pa windo ngati ikuchokera mu uvuni, ndiye tinapeza mzere wa ku boda utafika kutali, malole, mabasi, magalimoto okoka ngolo zodzaza mpaka kumwamba, aliyense akupita kwawo. Amene munadutsapo pa Beitbridge nthawi ya Khirisimasi mukudziwa, umasuntha malo a galimoto imodzi nkuimanso mphindi khumi. Batire yanga inali yofooka ndiye ndinkaopa kuzimitsa injini kuti ikakana kulira andidumpha pa mzere, ndinangoisiya ikulira. Singano inakwera, ndinaiona ndithu, koma mumtima ndinkati rediyeta ndi yokonzedwa kumene, themositati mulibe, fani ikuzungulira, itsika yokha. Siinatsike. Ndinamva kafungo kotsekemera, kenako nthunzi fuu kuchokera m'mbali mwa boneti, mwana nkuyamba kulira. Chifukwa cha mantha ndinachita chinthu choipitsitsa, ndinatenga thawulo nkutsegula chotsekera rediyeta, madzi owira anandithira pa mkono mpaka lero chipsera chilipo, ndipo osaphunzirapo ndinathira chigubu chonse cha madzi ozizira mu injini yoti yapsa kale. Injini ya 504 ija buloko yake ndi yachitsulo koma hedi ndi ya aluminiyamu, singapirire zoterozo, inapindika, gasiketi nkuphulika. Pofika madzulo oyilo pa dipisitiki anali ngati tiyi wamkaka.

Anatikokera m'tauni ya Musina kwa mdala wina wokonza magalimoto kuseri kwa nyumba yake. Atamva tikuyankhula ndi mayi a kunyumba anatiyankha m'Chinyanja chakale chija chosakanikirana ndi Chishona, anali mtchona, anabadwira ku migodi ya ku Zimbabwe, bambo ake anachoka ku Dedza ali mnyamata osabwereranso. Iye kumudzi anali asanapondeko koma dzina la mfumu yawo ankalidziwa. Ndimamukumbukira kawirikawiri mdala ameneyu ndikaona ana athu obadwira kuno akuyankha m'Chizulu tikawafunsa m'Chichewa, ndimadzifunsa kuti kodi nafenso tikuyenda njira yomweyo osadziwa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Mdala uja sanafunse zambiri. Anatembenuza kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi atayaka, injini osailiza, anazula mawaya awiri pa kaswitchi ka pa rediyeta nkuwagunditsa, khutu atalitchera pafupi ndi fani. Zii. Anagunditsanso. Zii. Anandiyang'ana nkunena kuti mwana wanga, fani iyi inasiya kugwira kalekale.

Ndi pamenepo pomwe ndinamva koyamba momwe fani ya 504 imagwirira ntchito. Siyomangidwa kokhazikika ku pule ayi, imakhala pa beringi yakeyake, ndipo kuseri kwake kuli maginito a magetsi. Madzi akatentha kudutsa madigiri 80 ndi kanthu, kaswitchi kaja kamalumikiza moto, moto umadutsa pa kabulashi ka kaboni kokhudza mkombero womwe ukuzungulira, maginito nkukoka fani ija kuti tcha, ndiye imayamba kuthamanga limodzi ndi injini. Madzi akazizira imamasukanso. Tsono ikakhala yomasuka siima chilili, imatengeka pang'ono ndi kuzungulira kwa shafuti, ndipo ndi maso umaona ngati ikugwira ntchito pomwe mphepo yomwe ikukoka singazimitse ngakhale kandulo. Mdala uja anamasula kabulashi kaja nkundiika pa dzanja, kanali katatha mpaka pa sipuling'i, kanthu kochepa kuposa njere ya nyemba. Kenako anandionetsa timabawuti titatu ta pa fani pomwepo tochunira kampata ka maginito, nkunena kuti ukanangomanga iti mpaka kulimba, fani ikanagwira mpaka kalekale ndipo ukanafika kwanu, eni ake anapangiratu dala kuti munthu asagone panjira. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndinakhala pansi pa tayala lakutha lomwe linali pamenepo ndipo zomwe zinandibwerera ndi mawu a bambo aja pa chitunda cha Thabwa, "yagwira". Miyezi inayi yonse ndinayendetsa galimoto ija osamvapo kulira kumene kuja ngakhale kamodzi, ndipo sindinazindikire kuti pali chomwe chikusowa.

Mayi a kunyumba ndi mwana anapitiriza pa basi, ine ndinawatsatira patatha masiku awiri. Bambo galimoto anangoiona pa chithunzi cha pa foni, anaiyandikitsa kumaso kwa nthawi yaitali nkufunsa kuti fani yake imagwira bwino? Ndinalephera kuyankha. Anatisiya mu April 2012, galimoto itangobwerera kumene ku Joni hedi itapalidwa kuti iwongoke.

Ndiye mundimvetse achimwene ndikamalankhula mokalipa pa nkhani ya themositati. Chizolowezi chochotsa themositati ndi matenda omwe tinabwera nawo kuchokera kumudzi, ku Ndirande, ku Biwi, kulikonse, galimoto ikangotentha choyamba kuchotsedwa ndi chimenecho, ndipo tazolowera mpaka tikuona ngati ndi nzeru. Si nzeru. Taganizani nokha, themositati ndi chitseko chomwe chimatseguka madzi akafika pa nambala yolembedwa pa iyo, zambiri 82 kapena 88, ndiye pomwe geji yanu ikukwera pa jamu paja chitseko chimenechi chimakhala chitatseguka kale mbee. Kuchotsa chitseko chotseguka kale kungawonjezere chiyani? Madzi akufika ku rediyeta bwinobwino, chomwe chikusowa ndi mphepo yowaziziritsa. Umboni wake mwaulemba nokha mu imelo, kuti pa haiwe siitentha. Themositati ikanakhala kuti yakanirira chotseka, galimotoyo ikanawira pa haiwe pomwepo, mwinanso msanga kuposa pa jamu. Ndipo kuichotsa kuli ndi mtengo wake. Kuno June ndi July kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa, injini yopanda themositati imatenga nthawi yaitali kuti ifunde, nthawi zina siifunda nkomwe ulendo wonse wa kuntchito, petulo amapita wambiri, oyilo amada msanga, mapisitoni ndi maring'i zimadyeka chifukwa injini imatha kwambiri ikamayenda yozizira. Pa injini zina themositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobweza madzi mu injini, ndiye mukaichotsa madzi ena amangozungulira m'kanjira kameneko osapita ku rediyeta, mwaonjezera vuto m'malo mochotsa. Choipa kwambiri nchoti zimakunamizani, geji imakhala pansi masiku ambiri inu nkumati ndachira, kudikira tsiku la jamu yeniyeni.

Ngati mukuikayikira themositati yanu, ichotseni nokha, muiike m'poto wamadzi pa sitovu, muone ngati ikutseguka madzi asanawire ndi kutsekanso akazizira. Ikakanika gulani ina mubwezeretse. Musasiye malo ake opanda kanthu.

Ndipo sindikunyoza amakaniko onse ayi, alipo abale athu kuno a manja odalitsika, ena sanapite ku koleji iliyonse koma amamva injini ngati mayi amamvera kulira kwa mwana wake. Omwe ndikulimbana nawo ndi aja osintha masipeya mongoyerekeza, lero ichi mawa icho mpaka thumba lanu litauma, osayeza kanthu ngakhale kamodzi. Mdala wa ku Musina uja anapeza vuto ndi mawaya awiri ndi khutu lake basi, galu wamkota sakandira pachabe. Munthu wobwera kudzakonza galimoto ya zaka zoposa 30 ayenera kuyamba wadziwa kuti fani yake ndi yamtundu wanji, chifukwa sizofanana. Nissan 1400 ija yomwe anaimanga ku Rosslyn mpaka 2008 fani yake ndi yomangidwa ku wotapampu, lamba akazungulira nayo yazungulira. Citi Golf yomwe anasiya kupanga ku Uitenhage mu 2009 fani yake ndi ya mota yamagetsi. Beetle yakale ija ilibe madzi nkomwe, moyo wake wonse uli pa fani ndi lamba mmodzi, akaduka nyali yofiira nkuyaka uyenera kuima pomwepo osati pa galaja yakutsogolo. Mukapeza mpata Loweruka lina pitani ku James Hall Museum of Transport pa Rosettenville Road, pafupi ndi Wemmer Pan, mukaone magalimoto akale aja, ine ndimapitako ndi ana ndipo ndimathera nthawi yanga ndikusuzumira kutsogolo kwa mainjini.

Chinanso chomwe ambiri sitiganizira ndi malo omwe tikukhala. Joni ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi sawira pa madigiri 100 monga tinaphunzirira ku pulayimale, amawira cha pa 94 kapena 95. Funsani amayi aliyense amene anaphikapo nyemba ku Nsanje nkudzaphikanso kuno akuuzani kuti za kuno zimachedwa kupsa, chifukwa chake nchimenecho. Mpweya wa kuno ndi wopepukanso, ndiye fani yomweyo ikazungulira kamodzi imanyamula kutentha kochepa poyerekeza ndi ku Durban komwe Cressida yanuyo inamangidwa. Galimoto ya fani yofooka ikhoza kukhala zaka ku gombe osadandaula, kuibweretsa kuno nkuiimika pa jamu ya ku Buccleuch kapena Gillooly's mu January ndi pomwe imaulula zonse. Nchifukwa chake chotsekera rediyeta si chivindikiro wamba, chimasunga mphamvu ya mpweya mkati, chambiri pa magalimoto a ku Japan chimalembedwa 0.9, ndipo chikakhala chabwino madzi sawira mpaka cha m'ma 115. Labala wake akang'ambika mwabwerera pa 94 paja, malire anu atha. Kanthu kotchipa kwambiri pa galimoto yonse koma anthu amayenda nako zaka 20 osakasintha. Zothira madzi a pampopi okhaokha nazonso ndimadana nazo, antifirizi si wa chisanu chokha, amateteza dzimbiri mkati ndipo amakwezako pang'ono powirira. Mukatsegula rediyeta nkupeza madzi ofiira ngati a mtsinje nthawi ya dzinja dziwani kuti timapaipi ta mkati tayamba kale kutsekeka.

TSONO CRESSIDA YANUYO

Fani yanu ndi ya visikasi. Pakati pake pali chimbale cha aluminiyamu cha mizeremizere, mkati mwake muli mafuta a silikoni olimba ngati uchi, ndipo kumaso kwake koyang'ana rediyeta kuli kasipuling'i kopiringizika komva kutentha. Mphepo yotentha yochokera mu rediyeta ikakawomba kamapotoka nkutsegula kavalavu, mafuta aja amalowa pakati pa mbale ziwiri, fani nkugwira. Zaka zikachuluka mafuta amadontha pang'onopang'ono mpaka kutha, fani imangotengeka ngati yanga ija, ndi maso ikuzungulira ndithu koma yopanda mphamvu.

Loweruka m'mawa injini isanalire, kiyi ali m'thumba mwanu, kankhani phiko limodzi la fani ndi dzanja nkulisiya. Yabwino imalimba pang'ono ndipo imaima isanamalize kuzungulira kamodzi, ikapitirira kuzungulira kangapo ngati gudumu la njinga yogadabuza ndiye yatha. Igwedezeni kutsogolo ndi kumbuyo, ikamachita gwedegwede ndi beringi yake kapena ya wotapampu. Yang'anani ndi tochi pa kasipuling'i paja, mukaona mafuta ndi fumbi lakuda lomata ndiye kuti yakhala ikudontha. Kenako lizani injini mumvetsere, yabwino imalira wuuu kwa miniti imodzi kapena ziwiri nkukhala chete, ndipo geji ikakwera kulira kuja kuyenera kubweranso, makamaka mukaponda pang'ono. Ikatentha zimitsani muli kuyang'ana, fani yogwira imaima pafupifupi limodzi ndi injini, yakufa imapitiriza yokha. Zoyesa ndi nyuzipepala yopinda injini ikulira zija musachite, ndaonapo munthu atataya nsonga ya chala. Dinani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule, alowe sentimita imodzi basi, akakhala wonyezimira kapena wong'aluka sinthani. Onaninso ming'alu patsinde pa mapiko a pulasitiki, phiko likathyoka injini ikuthamanga limaboola rediyeta. Visikasi imamangidwa ndi manati anayi, kusintha ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo za Toyota zambiri zimatheka kutsegula nkuthiramo mafuta a silikoni atsopano ngati beringi ikadali bwino. Ya ku sikilapu ine sindigula, imakhala yokalamba chimodzimodzi ndi yanuyo.

NGATI FANI ILI BWINO

Onani ngati chipulasitiki chozungulira fani chija chilipo, ena amati kaulingi. Amakaniko ambiri akachichotsa posintha lamba sachibwezera, akuti chimasokoneza manja, koma popanda chimenecho fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudzera mu rediyeta, ndipo zotsatira zake ndi zomwezo, kutentha poima kuzizira poyenda. Ngati ili ndi eyakoni suzumirani pakati pa kondensa ndi rediyeta, masamba a jacaranda ndi udzu wa zaka zambiri zimaunjikana pamenepo ngati chisa. Palinso msampha wina, rediyeta ikatsekeka pakati penipeni mphepo yofika pa kasipuling'i kaja imakhala yozizira ndiye visikasi yabwinobwino siigwira, mukazimitsa injini yotentha yendetsani chikhatho mosamala pa rediyeta mumve ngati pakati pali pozizira pomwe m'mbali mukutentha.

Kwa ena owerenga a Citi Golf ndi ena a fani yamagetsi, poti ndikudziwa mundifunsa, yambani ndi fyuzi, kenako zulani pulagi ya switchi ya pa rediyeta mulumikize mawaya ake, fani ikalira ndiye switchi yafa, ikapanda kulira pitani pa rileyi ngati ilipo, pa waya wa ethi, kenako mota yeniyeniyo poipatsa moto kuchokera ku batire. Zolumikiza dairekiti kuti izingolira nthawi zonse ndi zofikira kunyumba tsiku limenelo, si zokhala nazo chaka, mota imapsa ndipo idzapsa tsiku lomwe simukuyembekeza. Amene mwaika fani yamagetsi yogula padera pa galimoto yakale ikani pepala patsogolo pa gilili muone ngati likukokedwa kulowa mkati, mawaya akatembenuzidwa imazungulira chobwerera nkumalimbana ndi mphepo ya pamsewu.

Wina andiuza kuti bwanji osangowotcherera visikasiyo kapena kuiboola nkumanga bawuti kuti izigwira nthawi zonse, ndaziona zimenezo kangapo. Kutentha kumasiya inde, koma galimoto imalira ngati ndege, mphamvu ina ya injini imathera pa fani, lamba ndi beringi ya wotapampu zimatha msanga, ndipo mapiko a pulasitiki a zaka zoposa 30 sanapangidwe kuti azithamanga liwiro lonse la injini pa haiwe. Cressida imeneyo achimwene ndi galimoto yaulemu, nkhalamba ija inaisunga zaka zonsezi nkusankha kukupatsani inu osati kuigulitsa, ndiye kuti inakuonani kuti ndinu munthu wosamala, ndipo zikundikhudza kuti mwafunsa kaye musanalole, ine sindinafunse aliyense. Yanga ija ndikadali nayo, imagona pansi pa tenti kuseri kwa nyumba, ndimaitulutsa Lamlungu popita ku tchalitchi, themositati ndinabwezeramo chaka chomwecho, ndipo tikaima pa maloboti a ku Turffontein dzuwa likuswa mtengo ndimatsitsa wailesi, mwana wanga wamkulu uja amene analira pa boda ndi amene amayamba kunena kuti yagwira.

Pakadali pano musanaikonze, M1 ya nthawi yoweruka ipeweni. Zikakupezani muli pa jamu singano nkuyamba kukwera, zimitsani eyakoni, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto ndi fani yake yonse, mudzatuluka thukuta koma hita ija ndi karediyeta kakang'ono ndipo kamachotsako kutentha. Ikapitirirabe kukwera patukani muzimitse isanafike pofiira, ngakhale akuimbireni mahutala. Chotsekera rediyeta musachikhudze mpaka paipi yapamwamba itazizira moti mutha kuifinya ndi dzanja, theka la ola kapena kuposa, ndipo madzi ozizira asalowe mu injini yotentha. Mukayesa Lowerukalo mundilembere kuti fani inazungulira kangati mutaikankha komanso ngati kaulingi ilipo, mutumize ndi chithunzi cha kumaso kwa visikasi, tione chotsatira.